Kachilombo ka kolera kamadziwa bwanji kuti kafika m'mimba? Ana athu aphunzire kufufuza okha

A Mkonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yanuyi, nkhani yanga ndi yaitali ndithu koma ndapota nanu musaidule kwambiri. Chaka chilichonse mvula ikangoyamba kuno ku Blantyre mumatikumbutsa za kolera, kusamba m'manja ndi sopo, kuthira kolorini m'madzi, kukhala ndi chimbudzi, kuthamangira kuchipatala munthu akangoyamba kutsegula m'mimba, ndipo zonsezi palibe angatsutse makamaka titaona zija za 2022 ndi 2023, mliri unayambira ku Machinga m'mwezi wa Malichi n'kufalikira maboma onse, anthu oposa 1,700 n'kutisiya, mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Pitirizani kulemba zimenezo.

Koma pali mbali ina yomwe siimveka, ndipo ndi yomwe yandilembetsa kalatayi. Kachilombo ka kolera, Vibrio cholerae, kakakhala m'madzi, kaya mu mtsinje kaya pa chitsime chosatetezedwa, sikatulutsa poizoni wambiri ayi, kamangokhala. Kakalowa m'matumbo mwa munthu m'pomwe kamayamba kupanga poizoni uja komanso timaulusi tomwe kamagwirira kuti kasakokoloke. Nde funso ndi loti kamadziwa bwanji kuti pano ndafika m'mimba? Kalibe maso kalibe mphuno, ndi selo imodzi basi. Yankho lagona pa mapuloteni ochepa omwe anazikika pa kachikopa kake, ndipo lagona kwenikweni pa nkhani yoti puloteniyo inayang'ana kuti, mbali iti ili kunja, mbali iti ili mkati. Ine ndimaphunzitsa bayoloje pa sekondale ina muno mtauni, ndipo ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti kafukufuku wa mtundu umenewu ana athu atha kumapanga konkuno, osati kumangoloweza kuti anapanga ndi a kunja.

Selo iliyonse, ya munthu kapena ya bakiteriya, inakutidwa ndi kachikopa ka mafuta komwe timati membrane, kopyapyala ngati ma nanomita 5, pomwe nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a milimita. Gorter ndi Grendel a ku Netherlands anaonetsa mu 1925, pogwiritsa ntchito maselo ofiira a magazi, kuti mafutawa anasanjikizana kawiri, kenako Singer ndi Nicolson mu 1972 anabwera ndi chithunzi chija chili m'mabuku a ana athu, mapuloteni ali mbuu mkati mwa mafutawo. Mchere, shuga ndi uthenga wochokera kunja sizingadutse pa mafuta pokha, zimadalira mapuloteni amenewa, n'chifukwa chake pafupifupi 20 mpaka 30 mwa ma gene 100 aliwonse a chamoyo amapanga mapuloteni a pa membrane, pomwe gene ndi kachidutswa ka DNA konyamula malangizo opangira puloteni. Chomwe chithunzi cha m'bukucho sichinena ndi choti puloteniyi siikidwa mwachisawawa. Imalowetsedwa pa nthawi yomwe ikupangidwa, kudzera pa kanjira kapadera kotchedwa Sec, ndipo ikalowa yalowa, nthawi zambiri siitembenukanso. Ikalowa chozondoka ntchito yake yathera pomwepo.

Puloteni ya kachilombo ka kolera ija dzina lake ndi ToxR. Kachilomboka kali ndi ma membrane awiri, akunja ndi amkati, ndipo pakati pawo pali kampata kotchedwa periplasm komwe zinthu zochokera kunja monga michere ya ndulu zimafikako mosavuta. ToxR inazikika pa membrane yamkati, imaboola kamodzi kokha, mbali yake yaikulu ili mkati mwa selo komwe imagwira DNA, mbali yaing'ono ili mu kampata kaja. Zili ngati wogulitsa mu okala amene watulutsa mutu pa windo kumva zomwe kasitomala akufuna koma manja ali mkati pa mashelefu. Siigwira yokha, ili ndi mnzake ToxS, ndiye palinso awiri ena TcpP ndi TcpH omwe anakhalanso chimodzimodzi pa membrane yomweyo, onsewa akagwirizana amadzutsa gene yotchedwa toxT, nde ToxT yo ndi yomwe imatsegula ma gene a poizoni ndi a timaulusi tija. Munthu amene akutsegula madzi oyera ngati otsukira mpunga pa bedi la kolera, gwero lake ndi limeneli.

Tsono anadziwa bwanji kuti ToxR inakhala choncho, poti ngakhale pa maikulosikopu yamphamvu ya pa labu sungaione? Apa m'pomwe pamandisangalatsa ine. Cha m'ma 1985 ndi 1986, Colin Manoil ndi Jon Beckwith a ku Harvard anapeza njira yogwiritsa ntchito enzayimu ina ya bakiteriya wa E. coli yotchedwa alkaline phosphatase, mwachidule PhoA, pomwe enzayimu ndi puloteni yomwe ntchito yake ndi kudula kapena kusintha zinthu zina. Enzayimu imeneyi ili ndi khalidwe limodzi lothandiza kwambiri, imagwira ntchito pokhapokha ikatuluka kupita mu periplasm, chifukwa kuti ipindike bwino imafuna timfundo tomangidwa pakati pa ma cysteine awiri, cysteine yo ndi mmodzi mwa ma amino acid, tizidutswa tomwe timalumikizana n'kupanga puloteni, ndipo timfundo timeneti timamangika mu periplasm osati mkati mwa selo. Ikakhala mkati imangokhala ndwii. Ndiye iwo anati bwanji titenge gene ya puloteni yomwe tikufufuzayo, tiidule pamalo pena, tilumikizepo gene ya PhoA kuti zituluke ngati puloteni imodzi. Ngati malo tadulawo ali kunja, PhoA nayo ikokedwera kunja ndipo igwira ntchito. Ngati ali mkati, siigwira. Kuti uone ndi maso umangothira mankhwala ena opanda mtundu, amawatcha XP, mu agar, chakudya chokhala ngati jeli cha m'puleti chomwe mabakiteriya akumerapo, PhoA ikawadula amasanduka a buluu. M'mawa ukutsegula inkyubeta, timadontho ta buluu ndiye kuti kunja, toyera ndiye kuti mkati. Ukadula malo osiyanasiyana kuyambira kumutu mpaka kumchira kwa puloteni, buluu, yera, buluu, yera, wajambula mapu a momwe yalowera ndi kutulukira pa membrane.

Mu 1987 Virginia Miller, Ronald Taylor ndi John Mekalanos anagwiritsa ntchito njira yomweyi pa ToxR n'kuonetsa kuti mchira wake uli mu periplasm pomwe mutu wake ukugwira DNA mkati. Nthawi imeneyo zinali zachilendo, anthu anazolowera kuti puloteni yogwira DNA imayandama mkati mwa selo, ndipo yomva za kunja imakhala ina yapayokha pa membrane yomwe imapatsira uthenga kwa inzake. Apa inali puloteni imodzi yogwira ntchito zonse ziwiri.

Njirayi inakula. Anapezanso ma enzayimu ochita mosiyana, monga beta-galactosidase yemwe amagwira ntchito mkati basi, kenako GFP, puloteni yowala mobiriwira yochokera ku jellyfish, yomwe mu E. coli imawala ikakhala mkati koma ikadutsa pa kanjira ka Sec kupita kunja siiwala. Ukaphatikiza ziwirizi umakhala ndi mboni ziwiri zosiyana, PhoA ikati ndili kunja GFP iyenera kukhala yozima, zikavomerezana ndiye wayamba kukhulupirira. Gulu la Gunnar von Heijne ku Stockholm linachita zimenezi mu 2005 pa mapuloteni 601 a membrane yamkati ya E. coli, kuona mchira wa iliyonse kuti uli mbali iti. Koma tisanamizane, njira yodula ili ndi vuto lake, ukadula puloteni pakati wachotsa mbali yomwe mwina imathandiza inzakeyo kukhazikika bwino, nde nthawi zina mtundu umatuluka wosocheretsa. Wofufuza wanzeru sakhutira ndi puleti imodzi ya buluu.

Pa maselo a munthu amagwiritsa ntchito njira zina koma ganizo ndi lomwelo, kufunsa kuti chinthu chomwe sichingathe kuboola membrane chikufika pati. Umatenga enzayimu yodya mapuloteni, trypsin kapena proteinase K, n'kuthira pa maselo athunthu, imadya mbali yokhayo yomwe ili kunja, ya mkati imatsala. Kenako umabwerezanso utathira kasopo ka mu labu monga Triton X-100 kosungunula membrane, apa zonse zimadyedwa, ndipo kusiyana kwa ziwirizo pa gel yosiyanitsira mapuloteni malinga ndi kukula kwawo ndiye yankho lako. Ena amamata kachizindikiro kakang'ono pa puloteni n'kutumiza antibody, puloteni ya chitetezo cha m'thupi yomwe imagwira chinthu chimodzi chokha, ataimata chowala kuti ikakapeze, ikakapeza selo isanabooledwe ndiye kuti kali kunja. Ena amayang'ana shuga, chifukwa maselo athu amamata tinthambi ta shuga pa amino acid wotchedwa asparagine ku mbali yokhayo yomwe idzakhale kunja, ndiye malo akapezeka ndi shuga wadziwa mbali yake. Ena amaika cysteine imodzi pamalo omwe akufuna n'kuona ngati mankhwala osalowa m'selo angaikhudze. Zonsezi si zamatsenga, mwana wa Fomu 4 amene anamvetsa bwino za osmosis atha kutsata ganizo lake.

Ndipo pali gawo lina lomwe silifuna labu n'komwe. Mbali ya puloteni yomwe imadutsa m'mafuta a membrane imakhala ndi ma amino acid ngati 20 otsatizana odana ndi madzi, leucine, isoleucine, valine, phenylalanine ndi anzawo. Kyte ndi Doolittle mu 1982 anapereka manambala kwa amino acid aliyense osonyeza kuti amadana ndi madzi motani, ukawerengetsera motsatira mzere wa puloteni malo oboola membrane amaonekera okha. Komabe zimenezo zimangokuuza kuti yaboola kangati, sizikuuza kuti yayang'ana kuti. Anadzamaliza ndi von Heijne uja mu 1986, ataona kuti ma amino acid a chaji ya positive, lysine ndi arginine, amachuluka ku mbali zomwe zili mkati mwa selo. Mu 1989 anaonetsa kuti si kungochitika mwangozi, anasuntha ma chaji amenewa pa puloteni ina ya E. coli yotchedwa leader peptidase ndipo inalowa pa membrane motembenuka. Taganizani, mwana atha kutenga mzere wa zilembo za puloteni, chilembo chilichonse chikuimira amino acid, pa tsamba la UniProt lomwe ndi laulere pa intaneti, kudula mzere pansi pa malo odana ndi madzi, kuwerenga ma K ndi ma R, zilembo za lysine ndi arginine, mbali iyi ndi iyo ndi pensulo, n'kunena yekha kuti mbali iyi ndiye ya mkati, kenako n'kukayerekeza ndi zomwe pulogalamu ngati TMHMM ikunena. Chofunika ndi foni ndi kabandulo basi.

Ndikudziwa achinyamata ena a ku koleji anena kuti pano kuli AlphaFold, pulogalamu ya pa kompyuta yolosera maonekedwe a puloteni, mpaka eni ake Demis Hassabis ndi John Jumper analandira nayo Nobel mu 2024, nde kuvutikiranji ndi mapuleti. AlphaFold ndi yamphamvu zedi sindikukana, koma imakupatsa maonekedwe a puloteni, siikujambulira membrane n'kukuuza kuti uku ndi kunja uku ndi mkati. Komanso chilengedwe chili ndi zake, pali kapuloteni ka E. coli kotchedwa EmrE kotulutsa mankhwala m'selo, kamagwira ntchito tiwiritiwiri kena kataloza kunja kena mkati, ndipo ofufuza anakanganapo zaka ndithu asanavomereze. Palinso LacY, yolowetsa shuga wa mu mkaka, yomwe theka lake limatembenuka ukasintha mtundu wa mafuta a pa membrane. Zoterezi umazidziwa ukayesa ndi manja pa selo yeniyeni.

Mwina wina kunyumba akuti aphunzitsi inu, anthu akufa ndi madzi oipa ku Ndirande, ku Bangwe, ku Mbayani, inu mukuti ToxR, ToxR yo itithandiza chani? Ndikumva ndipo ndikugwirizana nazo kuti madzi aukhondo, zimbudzi ndi katemera ndiye zoyamba, palibe puleti ya buluu yomwe ingalowe m'malo mwa mpopi. Koma taonani paketi ya Thanzi ORS yomwe mayi amasungunula mu lita imodzi ya madzi, imagwira ntchito chifukwa cha nkhani yomweyi. Poizoni wa kolera akalowa m'maselo a matumbo amasiya puloteni ina yolamula, ya ku mbali ya mkati mwa membrane, ili choyaka osazimanso, mapeto ake kanjira ka CFTR kamatseguka, chloride, yemwe ndi mbali imodzi ya mchere, amatayikira m'matumbo madzi n'kumamutsatira. Koma pa nkhope yomweyo ya selo, yoyang'ana ku chakudya, pali puloteni ina SGLT1 yomwe poizoniyo saiwononga, imakoka sodium awiri limodzi ndi shuga mmodzi kulowa mkati, ndipo ku mbali ya kuseri yoyang'ana ku magazi kuli pampu yotulutsa sodium atatu kulowetsa potassium awiri, yomwe Jens Skou anaipeza mu 1957. Chifukwa ina ili kutsogolo ina kuseri, iliyonse itayang'ana koyenera, mchere umayenda njira imodzi kuchoka m'matumbo kupita m'magazi ndipo madzi amabwerera nawo. Robert Crane atafotokoza za shuga ndi sodium kuyendera limodzi mu 1960 zinkaoneka ngati nkhani ya ophunzira okhaokha, koma mu 1971 Dilip Mahalanabis anagwiritsa ntchito madzi a mchere ndi shuga pa msasa wa othawa nkhondo ku Bangaon ku India ndipo imfa za kolera zinatsika kuchoka pa 30 mwa 100 kufika pochepera 4. Mayi akamvetsa chifukwa chake mchere ndi shuga ziyenera kuyendera limodzi pa mlingo wake sangasungunule paketi ija mu madzi theka, kapena kumpatsa mwana zakumwa zotsekemera m'malo mwake.

Za malungo ndiye zimatikhudza kwambiri ife a Blantyre. Dziko lino linali loyamba mu Africa kusiya chloroquine mu 1993 n'kuyamba Fansidar chifukwa mankhwala aja anasiya kugwira. Mu 2000 David Fidock, Thomas Wellems ndi anzawo anapeza chomwe chinayambitsa, puloteni yotchedwa PfCRT yomwe inakhala pa membrane ya kathumba komwe kachilombo ka malungo kamagayiramo magazi athu, imaboola membrane ka 10. Pa malo a nambala 76 mu mzere wa ma amino acid ake pamayenera kukhala lysine, yemwe uja wa chaji ya positive, ndipo poti chloroquine mu kathumbamo amakhalanso wa positive awiriwa amakankhana, mankhwala amatsekeredwa mkati n'kupha kachilombo. Lysine akasinthika kukhala threonine njira imatseguka, mankhwala amatulutsidwa kunja. Magazi a ana a kuno ndi omwe anaonetsa dziko lonse kuti kusinthaku kunatsika kuchoka pa 85 mwa 100 mu 1992 kufika pa 13 mu 2000, ndipo kafukufuku wa ku Ndirande yemwe anasindikizidwa mu 2006 anapeza chloroquine akuchizanso 99 mwa 100. Apa ndisamveke molakwa, sindikuti anthu ayambenso kumwa chloroquine, mankhwala a malungo ndi LA amene achipatala akupereka. Chomwe ndikunena ndi choti mbali yathu ya nkhaniyi inali odwala, magazi ndi kuwerenga, ntchito yotamandika ndithu, koma chithunzi cha puloteni yeniyeniyo chosonyeza kamphako koyang'ana mu kathumba kaja chinatuluka ku New York mu 2019. Ine zimandikhudza kuti funso loti kodi zikuchitika bwanji mkatimo timalisiyira ena, pomwe matendawo ali pakhomo pathu.

Ndipo funso limeneli ndi la ndalama ndi moyo. Antibody siilowa m'selo, ndiye ngati ukufuna katemera uyenera kudziwa mbali ya puloteni yomwe ili poyera, ukasankha ya mkati wataya zaka pachabe. HIV amalowa m'maselo athu pogwira mapuloteni a pa membrane, CD4 kenako CCR5, yomwe imaboola membrane ka 7 mutu wake uli kunja, ndipo mankhwala a maraviroc omwe anavomerezedwa mu 2007 amakakhala pa CCR5 pomwepo. Banja la mapuloteni oboola ka 7 amenewa ndi lomwe pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mankhwala ovomerezeka amagwirirapo ntchito.

Sindikupempha kuti tigule makina a cryo-EM ojambulira maonekedwe a puloteni, amenewo ndi a madola mamiliyoni ndipo ndi magetsi athu ozimazimawa angavute kusamala. Koma njira ya PhoA ija imafuna E. coli wa mu labu wosayambitsa matenda, kamkombero ka DNA konyamulira gene kotchedwa plasmid, agar, mapuleti, inkyubeta ya madigiri 37, firiji yodalirika ndi mankhwala a mtundu aja. Sipafunikanso kusunga kachilombo ka kolera kenikeni, gene yokha imakwanira. Mzinda uno uli ndi KUHeS, uli ndi MUBAS, uli ndi Malawi-Liverpool-Wellcome pafupi ndi chipatala cha Queens, MUST ili pompano ku Thyolo, anthu odziwa kudula ndi kulumikiza DNA alipo kale ndipo ena mwa iwo tinawaphunzitsa ndife. Mapuloteni a tizilombo tomwe timatisautsa kuno, a typhoid, a Salmonella wolowa m'magazi, a TB, ambiri akudikirabe wowafufuza, ndipo wophunzira wa chaka chomaliza atha kutenga imodzi n'kuijambulira mapu ake ngati pulojekiti, m'malo moti chaka ndi chaka onse azingoyenda ndi mapepala a mafunso m'makomo.

Kwa aphunzitsi anzanga a bayoloje ndikuti tikamajambula membrane pa bolodi tisamangoika timipira pakati n'kulemba kuti protein, tizilemba kuti uku ndi kunja uku ndi mkati, n'kufunsa ana kuti ungatsimikize bwanji. Mudzadabwa mayankho awo, ena amafika okha pa ganizo lothira chinthu chodya kunja kokha asanauzidwe n'komwe kuti kuli trypsin. Silabasi ya MSCE siitiletsa kufunsa funso limenelo, zimangotenga mphindi zochepa za piriyodi.

Kwa inu a Mkonzi pempho langa ndi loti mutipatse tsamba ngakhale kamodzi pa mwezi pomwe ofufuza a kuno azifotokoza m'Chichewa momwe matenda athuwa amagwirira ntchito m'thupi, osati malangizo okhaokha. Ndipo kwa madokotala ndi ma lekichara omwe amawerenga nyuzipepala ino, chonde pa holide ikubwerayi tsegulani labu imodzi kwa masiku ochepa, muitane aphunzitsi a sayansi a m'masekondale a mu Blantyre, aliyense abwere ndi ana awiri kapena atatu, tidzathire agar, tidzadzale E. coli wa PhoA ndi manja athu n'kuwerenga tokha zotsatira zake. Yankhani kudzera pa tsamba lomwe lino kuti tidziwe pokalembetsa, za transipoti tidzazionera tokha.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa bayoloje,
Chilomoni, Blantyre